Poto wotsokomola ku Salima: mmene tinasakira madzi m'makina obulasitira

Ntchito inali yochotsa penti yakale ndi dzimbiri pa thanki yachitsulo yosungira madzi, pafamu ina yothirira mbewu kufupi ndi nyanja m'boma la Salima, kenako n'kuipaka penti yatsopano mkati ndi kunja. Thankiyo ndi ya mamita 9 m'mimba mwake ndi mamita 6 msinkhu. Mgwirizano unkati chitsulo chiyeretsedwe kufika pa Sa 2½, mlingo wa kuyera kwa chitsulo malinga ndi muyezo wa ISO 8501-1, ndipo penti yoyamba ya epoxy ipakidwe tsiku lomwelo dzimbiri lisanabwerere. Woyang'anira ntchitoyo ndinali ine. Tinafika pamalopo sabata yachiwiri ya Januwale, mvula ili pachimake.

Njira yake inali kubulasita, kutanthauza kuwombera chitsulo ndi mchenga wokankhidwa ndi mpweya wa kompresa. Tinali ndi kompresa ya dizilo yobwereka ya 375 cfm (makiyubiki fiti a mpweya pa mphindi), poto wa malita 200 wothiramo mchengawo, ndi nozo, kamwa la payipi lotulukira mchenga, nambala 7, ya bowo la mamilimita 11. Obulasita anali awiri osinthana, mnyamata mmodzi ankayang'anira poto, ndipo kompresayo inabwera ndi mwini wake wouyendetsa, bambo wachikulire amene anyamata ankangowatchula kuti madala. Zipangizo zomwezi, ndi anthu omwewa, zinali zitagwira ntchito ku Kanengo mu Ogasiti ndi Seputembala popanda kudandaula kulikonse. Mfundo imeneyi muisunge, chifukwa ndi imene inandisokeretsa kwa masiku anayi.

Kompresa tinaiimika mamita 40 kuchokera pa thanki, mbali yochokera mphepo, kuti isamamwe fumbi. Separator yaikulu, yochotsa madzi mumpweya, inali yomangirira pakamwa penipeni pa kompresa, mmene eni ake anaitumizira. Kuchoka apo payipi yaikulu ya labala ya mainchesi 2 inkayenda pansi m'maudzu, n'kutsika m'kadzenje kena komwe madzi a mvula ankadikha, n'kukwera kukafika pa poto. Pa poto pali kamsampha kake ka madzi, kakang'ono ngati kapu ya tiyi.

Chomwe timathira mu poto pantchito timangoti mchenga, ndipo ndizitchula choncho muno, koma unali garnet, mwala wolimba wopera, wa m'matumba a makilogalamu 25. Mchenga weniweni wa kunyanja unali pamphuno pathu, waulere, ndipo anthu a pafamu anadabwa kuti tikuonongeranji ndalama. Ine sindilola. Fumbi lake ndi lomwe lija linadya mapapo a agogo athu ambiri amene anapita ku migodi ya ku Joni, matenda a silicosis, ndipo salola mankhwala.

Masiku awiri oyamba tinagwira kunja kwa thanki, mbali ya kumpoto. M'mawa zinkayenda bwino. Cha m'ma 2 koloko masana nozo inkayamba kutsokomola: mchenga utuluke wambiri kamodzi n'kamodzi, kenako mpweya wokhawokha, kenako utulukenso. Mnyamata wa pa poto ankatseka valavu ya choke, ya mpweya wodutsa pansi pa poto, kwa kamphindi kuti mphamvu ya mu poto ikankhe chotsekacho, n'kutsegulanso, ntchito n'kupitirira. Aliyense wobulasita amadziwa kachitidwe kameneka ndipo palibe amene anakaona ngati nkhani. Pamasiku awiriwo tinayeretsa ndi kupaka penti malo okwana pafupifupi masikweya mita 40.

Tsiku lachitatu kutsokomola kunayamba 10 koloko isanakwane, ndipo choke inasiya kuthandiza. Wobulasita anatsika pa sikafodi, n'kuvula chipewa, n'kundionetsa chitsulo. Pamalo oyera mbee panali timadontho takuda ngati pagwa mvula yowaza, ndipo pasanathe mphindi 20 timadonthoto tinasanduka tofiirira. Tinatsitsa mpweya mu poto n'kutsegula valavu yoyezera mchenga pansi pake. Chomwe chinatuluka sichinali mchenga woyenda, chinali chibuma. Nditachifinya m'manja chinasunga zidindo za zala zanga ngati dothi loumbira njerwa.

Apa m'pamene ndinalakwa koyamba. Ndinati mchenga wanyowa m'matumba. Zifukwa ndinali nazo: matumbawo anayenda pa lole kuchokera ku Lilongwe mvula ikugwa, tenti yake inali yobooka pakona, ndipo pafamupo tinawasunga m'shedi yopanda khoma mbali imodzi. Ndinalamula kuti mchenga wonse wa mu poto ukhuthulidwe, uyanikidwe pa malata, usefedwe. Ndinaitanitsanso matumba ena atsopano. Tsiku ndi theka linapita tikuthamangitsana ndi mitambo, kuyanika ndi kuanula ngati amayi a ufa wa mphale.

Chikhala kuti ndinaima kaye n'kuyang'anitsitsa, umboni unali pamaso panga. Matumba osatsegula, ngakhale a pansi penipeni, mchenga wake unkakhuthuka ngati shuga. Ndipo pokhuthula poto, mchenga wa pamwamba unali wouma, wonyowa unali wa pansi pokha, pamene poto amachepera kulowera ku valavu, ndi wa m'mbali mokhudza chitsulo. Mchenga wolowa uli wonyowa kale unyowa paliponse. Wonyowa pansi pokha ndiye kuti madzi akuupeza uli kale mkati. Mnyamata wa pa poto ananenako zimenezi mwaulemu, kuti "Abwana, koma wa pamwambawu ndi wabwinobwino," ine n'kungoyankha kuti apitirize kuyanika.

Kunena zoona, mpweya ndinaukayikirapo. Ndinapita kwa madala aja n'kuwafunsa ngati akukhetsa madzi mu separator. Sanayankhe ndi pakamwa. Anagwada, n'kutsegula kampopi ka pansi pake, ndipo munangotuluka mpweya wotentha, fuu, popanda kanthu.

"Taonani nokha, abwana. Kuno kulibe ngakhale dontho. Vuto lili ku mchenga wanuwo."

Ndinawakhulupirira, chifukwa ndinaona ndi maso anga. Iwonso sankanama.

Tsiku lachisanu tinathira mchenga watsopano, wa m'matumba amene anangofika kumene ali okulungidwa m'pulasitiki. Unayenda bwino ola limodzi ndi theka, kenako kutsokomola kunabwerera. Koma chomwe chinaimitsa ntchito si chimenecho. Wobulasita anataya chogwirira cha deadman, chimene chimazimitsa nozo munthu akachitaya, kuti asunthe phazi pa thabwa, ndipo nozo sinazime nthawi yomweyo monga iyenera kuchitira. Inapitiriza kulavula kwa masekondi angapo, payipi ikumukankha ali mamita 4 m'mwamba. Anaigwira zolimba n'kuilozetsa ku chitsulo mpaka inazima yokha. Palibe anavulala. Ndinazimitsa zonse pomwepo. Titamasula timapayipi tiwiri ta deadman, munatuluka madzi, ndipo valavu yolowetsa mpweya mu poto inali ndi thovu loyera la madzi osakanikirana ndi mafuta, pisitoni yake ikuyenda mokakamira. M'timapayipi timeneto simudutsa mchenga. Mumadutsa mpweya wokha. Nkhani ya matumba onyowa inathera pomwepo.

Ndinatenga pepala loyera lomwa madzi n'kuchita mayeso amene ndinayenera kuchita tsiku loyamba, a ASTM D4285: kulozetsa mpweya wopanda mchenga pa pepala, osapitirira masentimita 60 kuchokera potulukira, kwa mphindi imodzi. Ndinayesa malo atatu. Pakamwa pa kompresa, kupitirira separator, pepala linatuluka louma. Kumapeto kwa payipi yaikulu, pafupi ndi poto, linanyowa mpaka kung'ambika, ndipo litauma linatsala ndi mkombero wachikasu, chizindikiro cha mafuta. Pa nozo chimodzimodzi. Kenako tinamasula payipiyo mbali zonse, anyamata n'kuinyamula kuchokera m'kadzenje kaja. Munatuluka madzi oyera ngati mkaka wosungunula, pafupifupi theka la ndowa.

Mpweya womwewo, wouma pa mita yoyamba, wonyowa pa mita ya 40. Payipi inalibe pobooka, ndipo ngakhale pakanakhala pobooka, madzi a m'chithaphwi sangalowe m'payipi ya mabaa 7 (baa ndi muyeso wa kupanikizika kwa mpweya). Ndiye madziwo ankachokera kuti?

Ndinakhala pansi pa mtengo ndi kope langa n'kuwerengera. Masana amenewo kunja kunali madigiri 30, chinyezi cha mumpweya chili pa 80 peresenti. Mpweya wa madigiri 30 ukakhuta umasenza magalamu pafupifupi 30 a madzi pa kiyubiki mita imodzi, choncho wathuwo unali ndi magalamu 24. Nozo nambala 7 pa mabaa 7 imadya pafupifupi 250 cfm, kapena kuti makiyubiki mita 7 pa mphindi. Pa ola ndi 420. Kuchulukitsa ndi magalamu 24, zikutuluka makilogalamu 10. Kompresa inkameza malita 10 a madzi pa ola lililonse lobulasita. Pa maola 6, zigubu zitatu za malita 20.

Kompresa ikapanikiza mpweya kufika mabaa 7, zomwe zinali m'malo asanu ndi atatu zimapanikizika m'malo amodzi, nthunzi ya madzi pamodzi. Ndi chinyezi chathucho, nthunziyo imayamba kusanduka madzi mpweya ukazizira kutsika pa madigiri 67 kapena chapompo. Ndinaika choyezera kutentha pa chitsulo cha pakamwa pa kompresa: madigiri 85. Pa kutentha kumeneko madzi onse akadali nthunzi. Separator imagwira madontho okha, powazunguza kuti amenye khoma n'kutsetserekera pansi. Nthunzi imangodutsa ngati mphepo pa mpanda wa waya. Separator yathu inali yabwinobwino, koma inaikidwa pamalo pamene panalibe choti igwire. Mpweya unkazizira uli m'njira, m'payipi yogona m'maudzu onyowa ndi m'chithaphwi, ndipo pofika pa poto unali pa madigiri 45. Madzi ankabadwira m'payipimo, n'kusonkhana m'kadzenje, n'kumapita ku poto mwamagulu wobulasita akangofinya deadman. Kamsampha ka pa poto kankadzaza m'mphindi zochepa, otsalawo n'kulowa mkati. N'chifukwa chake zinkaipa kwambiri ikangogwa mvula kapena tikabwera kokadya: payipi inali itazizira.

Nditawafotokozera madala aja, anakhala chete kanthawi, kenako anaseka. "Ndiye kuti takhala tikutcheza kachasu, abwana. Moto uku, payipi yodutsa m'madzi ozizira pakati, botolo uko. Botolo lake ndi poto wanuyu." Sindinamvepo kufotokoza kwina koposa kumeneku, ndipo masiku ano ndikamaphunzitsa anyamata atsopano ndimayambira pomwepo.

Za ku Kanengo zinamvekanso. Mu Ogasiti ku Lilongwe kunja kukhoza kukhala madigiri 25 ndi chinyezi cha 35 peresenti, omwe ndi magalamu 8 okha pa kiyubiki mita. Madzi olowa ndi gawo limodzi mwa atatu a ku Salima, payipi inali yaifupi ndipo inkagona pa simenti yotentha ndi dzuwa. Madzi analipo, koma ochepa oti kamsampha ka pa poto kankawakwanitsa. Makinawo sanali abwino ku Kanengo n'kudzaonongeka ku Salima. Anali osakwanira kuyambira kale, chilimwe n'chomwe chinkawabisa.

Chofunika tsono chinali kuziziritsa mpweya kaye, kenako kuchotsa madzi, zonsezi mpweya usanafike pa poto. Njira zinalipo zingapo ndipo iliyonse inali ndi chopinga chake. Dryer ya firiji, makina oumitsa mpweya, imatsitsa mpweya kufika poti madzi sangatuluke mpaka pa madigiri 3, koma imafuna magetsi odalirika, ndipo pamalo pathupo panalibe. Dryer ya mibulu ya mchere, imene imamwa chinyezi n'kumasungunuka, sifuna magetsi, koma mibuluyo ikanachokera ku South Africa, komanso siigwira bwino mpweya ukalowa uli wotentha, ndiye kuziziritsa kunali kosathawika. Chomwe chinapezeka msanga ndi aftercooler, yoziziritsa mpweya wochoka mu kompresa, ya fani yoyendera mpweya, yobwereka ku Blantyre, yoti ifike pakatha masiku anayi. Ndinaiitanitsa, pamodzi ndi fyuluta yogwira mafuta.

Masiku anayi osagwira ntchito, kuwonjezera pa amene tinataya kale, eni famu sakanawamva. Mmodzi mwa obulasita anabwera ndi nzeru yoti titenge silinda yakale ya gasi imene inali m'shedi, tiiwotcherere timipopi, ikhale thanki yoti mpweya uzipumiramo n'kusiya madzi. Nzeru ya thanki ndi yoona, koma silindayo ndinaikana. Chitsulo chosadziwika zaka zake, chodyeka mkati mosaoneka, chowotcherera pabwalo, n'kuchiika pa mabaa 7 pakati pa anthu, chikaphulika sipakhala wokafotokoza. Ndinali nditaona kale deadman ikukana sabata yomweyo ndipo sindinafune kuyesanso mwayi.

Yankho linachokera pa mawu a kachasu aja. Mamita ochepa kuchokera pa kompresa pankadutsa ngalande ya simenti ya famuyo, yodzaza madzi opopedwa kunyanja, oyenda tsiku lonse. Ndinawayeza: madigiri 27. Tinagula mapayipi anayi atsopano achitsulo chokhuthala, a mainchesi 2, lililonse mamita 6, n'kuwalumikiza ndi mazinga, osawotcherera. Tisanalowetsemo mpweya tinawadzaza madzi n'kuwapopa kufika mabaa 12, kuwasiya theka la ola, geji osatsika. Kuyesa ndi madzi osati mpweya n'kofunika, chifukwa polumikiza pakalephera madzi amangotsanuka, pomwe mpweya umaponya zitsulo. Tinawagoneka m'ngalandemo motsetsereka pang'ono kulowera komwe mpweya ukupita, kuti madzi obadwa mkati aziyenda okha kutsogolo. Separator ija tinaichotsa pa kompresa n'kukaimanga kumapeto kwa mapayipiwo. Polumikiza paliponse pa labala ndi chitsulo tinaika waya wogwira payipi ikamasuka.

Titaliza kompresa, mpweya unkalowa m'ngalande pa madigiri 85 n'kutuluka pa 36. Madala anatsegula kampopi komwe kaja kanatinamiza, ndipo ulendo uno kanalavula madzi osalekeza. Tinaika chigubu cha malita 20 pansi pake. Chinadzaza m'maola awiri ndi theka obulasita, zomwe zikugwirizana ndi masamu a pansi pa mtengo aja. Madziwo anali ndi mafuta, choncho sitinawataye m'ngalande yothirira mbewu za eni ake, tinkawathira mu diramu.

Zina zinali zing'onozing'ono koma zambiri. Tinamasula mavalavu onse a poto n'kuwatsuka, kusintha labala wa pisitoni, kuuzira timapayipi ta deadman mpaka kuuma, n'kuiyesa kakhumi munthu asanakwere sikafodi. Fyuluta ya mpweya wopumira wobulasita inali itakhuta madzi, ndipo apa m'pamene anyamata anaulula kuti galasi la chipewa linkachita nthunzi kuyambira tsiku lachiwiri, iwo n'kumangopukuta. Tinasintha katiriji yake. Payipi yotsala pakati pa separator ndi poto tinaifupikitsa n'kuikweza pa matayala akale kuti pasakhale potsika posungira madzi. Kampopi ka kamsampha ka pa poto tinkakasiya kotsegula pang'ono tsiku lonse, kazingolira psii. Madzulo aliwonse poto ankagona wopanda mchenga, wovundikira, chifukwa chitsulo chikazizira usiku chimachita thukuta mkati. Ndipo pepala loyera lija linakhala chinthu choyamba m'mawa uliwonse ndi pobwera kokadya, ndikulemba tsiku ndi nthawi pakona pake n'kulisunga m'faelo.

Ndinkaopa kuti mapayipi owonjezerawo adya mphamvu ya mpweya, poti lamulo la pantchito limati psi imodzi iliyonse yotsika pansi pa 100 (psi 100 ndi pafupifupi mabaa 7) imachotsa pafupifupi 1.5 peresenti ya liwiro la ntchito. Geji ya singano yobaya payipi kuseri kwa nozo inaonetsa mabaa 6.6. Zinali zololeka, ndipo popeza mchenga unasiya kudukiza, masikweya mita a patsiku anakwera kuposa tsiku loyamba lomwe.

Aftercooler itafika kuchokera ku Blantyre, anyamata anafuna kuchotsa za m'ngalande, poti tsopano kwabwera chenicheni. Ndinati tiyese kaye. Payokha inkatulutsa mpweya pa madigiri 41 kapena 42 masana. Palibe cholakwika pamenepo: aftercooler ya fani imaziziritsa ndi mpweya wakunja, ndiye singatsike kuposa kunjako, ndipo kawirikawiri imathera madigiri 10 pamwamba pake. Koma mpweya wotuluka pa 42 ndi wokhuta ndithu, ndipo ukamazizira m'payipi kulowera ku 31 wakunja umatulutsanso madzi, oposa lita imodzi pa ola. Ngalande yathu ya madigiri 27 inkaiposa. Tinazilumikiza zonse motsatana: aftercooler ndi separator yake poyamba, ngalande pambuyo, separator yachiwiri, fyuluta ya mafuta, kenako poto. Mpweya unkafika pa poto uli pa madigiri 30, wofanana ndi kunja kapena kutsikirapo, moti m'njira munalibenso pozizirira. Mapepala kuyambira tsiku limenelo ndi oyera onse, opanda ngakhale mkombero wachikasu.

Ndinkayesa nkhani ya chinyezi yatha. Titalowa mkati mwa thanki, dzimbiri linabweranso.

Chitsulo choyeretsedwa m'mawa, cha m'ma 7 koloko, chinkachita mthunzi wofiirira ola lisanathe, makamaka m'munsi mwa khoma ndi pansi. Anyamata analoza makina nthawi yomweyo, madala n'kuyamba kudziteteza ndisanawafunse n'komwe. Koma pepala linali loyera, mchenga unkayenda ngati shuga, nozo osatsokomola. Maonekedwe a dzimbirilo analinso ena. La poyamba lija linali timadontho. Ili linali lofalikira mofanana, ngati wina wapaka ndi nsalu.

Madzi awa sankachokera mu nozo. Ndinayeza mkati mwa thanki 7 koloko m'mawa: mpweya madigiri 26, chinyezi 90 peresenti, zomwe zikutanthauza kuti mame amagwa pa chinthu chilichonse chozizira kufika madigiri 24 ndi pang'ono. Chitsulo cha pansi, chogona pa simenti yozizira usiku wonse, chinali pa 25. Lamulo lodziwika, la mu ISO 8502-4, ndi loti chitsulo chikhale madigiri osachepera 3 pamwamba pa pomwe mame amagwera, ndipo mapepala a penti zambiri amakaniza kupaka chinyezi chikapitirira 85 peresenti. Ife tinali ndi digiri imodzi yosakwana n'komwe. Chitsulo chongobulasita kumene chilibe chodzitetezera, ndipo chinyontho chosaoneka ndi maso chimachikwanira.

Kuno sikunafunike kugula kanthu koma kusintha nthawi. Tinasiya kuyamba mbandakucha, chizolowezi chomwe tinabwera nacho pothawa dzuwa. M'mawa tinkatsegula zitseko zonse za thanki, kuyatsa fani yokoka mpweya, kusesa mchenga wa dzulo, n'kudikira. Pofika 10 koloko dzuwa linkakhala litawotcha khoma, mkati muli madigiri 30 ndi chinyezi cha 70 peresenti, mame akadali pa 24, chitsulo chili pa 31. Tinkabulasita mpaka 2 koloko, kuuzira fumbi, n'kupaka penti isanakwane 4 koloko. Masiku a mvula ya tsiku lonse sitinkagwira. Eni famu sanakondwe ndi maola ochepawo, koma nditawaonetsa kope la miyeso ya tsiku ndi tsiku anasiya kufunsa. Ntchito yonse inatha kumapeto kwa Febuluwale, mochedwa ndi masabata awiri ndi theka.

Patsala nkhani ya masikweya mita 40 aja a masiku awiri oyamba. Malo a tsiku lachitatu ndi lachisanu, a timadontho toonekera, tinawabwereza onse popanda kukambirana. Koma a kumpoto aja anali atapakidwa kale penti, ndipo ankaoneka bwino. Ndinayeza kukhuthala kwa penti, kunali kokwanira. Ndinacheka ndi mpeni malo atatu n'kumata tepi, penti sinasendeke. Ndinadziuza kuti masiku amenewo kutsokomola kunali kwa masana okha, ndipo tinali titachedwa kale, mchenga nawo utachepa. Ndinawasiya, n'kupaka malaya achiwiri ndi achitatu pamwamba pake. Sindinafunse munthu, ndipo m'lipoti la kwa eni famu ndinangolemba kuti malowo anayesedwa n'kupezeka bwino, zomwe zinali zoona mbali imodzi.

Cholakwika m'maganizo amenewa ndi choti pepala lija linaonetsa zinthu ziwiri, madzi ndi mafuta, ndipo ine ndinkangoganiza za madzi. Madzi amauma dzuwa likawala. Mafuta a kompresa amene anayenda nawo amatsala pa chitsulo, ochepa oti diso siliona, m'timalo tomwe nozo inalavulira. Kucheka malo atatu pa masikweya mita 40 n'kuponya mwala m'nyanja kuti ugunde chambo.

Mu Seputembala anandiimbira foni a pafamupo. Ndinapita. Thanki yonse inali bwino, mkati titakhuthula madzi munalibe chotupa ngakhale chimodzi. Mbali ya kumpoto, kuyambira pa mita imodzi kufika pa mamita atatu kuchokera pansi, panali timatuza ta penti tokwana mwina 60, tina ngati njere ya mapira, tina ngati ndalama yachitsulo, tosanjana m'mizere yopingasa mmene dzanja la wobulasita limayendera. Nditaboola kamodzi ndi mpeni, penti inanyamuka yonse mpaka pa chitsulo, pansi pake pali kadontho ka dzimbiri. Malire a timatuzato ankathera ndendende pomwe tinalekezera madzulo a tsiku lachiwiri.

Tinabwererako mu Okutobala ndi ndalama zathu, mvula isanayambe. Tinatsuka malowo ndi mankhwala ochotsa mafuta kaye, chifukwa kubulasita pa mafuta kumangowamwaza, kenako n'kuchotsa penti yonse mpaka pa chitsulo. Kompresa inali yomwe ija ndipo anabwera nayo madala omwe aja. Separator inafika itamangidwanso pakamwa pa kompresa monga kale, poti kumene amabwereketsako anaibwezera pamalo pake. Ndisanatsike n'komwe m'galimoto, ndinawaona atagwada ndi sipanala akuimasula.